Ana Osalembedwa a Aphunzitsi Kamtedza

Sunthirani kuno inu muli kuutsiko, nkhaniyi si yofuna kukuwa. Munthu uja amakumana naye anthu m'njira za kuseri kwa mapiri, wa jekete lotuwa ndi choko, wobereka bolodi kumsana, woyenda akulankhula yekha, si wamisala ayi. Wamisala wake uti wometa ndevu bwinobwino, wopereka moni mwaulemu chotere? Amalonda ndi alenje akafuna kudutsa malo oipa amachita kumupempha kuti ayende nawo, chifukwa akuti pamene iye waima fisi safikapo, ngakhale zija zoposa fisi. Koma sanabadwire m'njira. Dzina lake ndi Sitifano Kamtedza, ndipo anali mphunzitsi wa sitandade wani pa sukulu ya Kalowamatope, munthu wa nyumba yake, mkazi wake, mwana mmodzi ndi mbuzi zinayi.

Sitandade wani ndi kalasi imene aphunzitsi aamuna amaithawa, koma Kamtedza anachita kuipempha. Ankati luso la mphunzitsi limaonekera pa mwana amene sadziwa n'kupukuta mamina komwe, osati pa uja wophunzitsidwa kale ndi ena. Ndipo ntchitoyo ankaidziwadi, tisamunamizire. Mwana wofika kwa iye ali mbuli, pofika mvula yoyamba ankakhala akuwerenga zolembedwa pa matumba a feteleza. Chilema chake chinali chimodzi: sankamva mawu okuluwika. Ukafuna kumuuza kanthu unkayenera kunena mosapsatira, apo ayi umulembere pa bolodi. Ukangopita m'mbali, iye ankakuthokoza n'kupitiriza zake.

Chaka chimene zinachitika izi ndi chimene mwana wake Ndaziona anayamba sukulu. Kumeneko polemba ana sankafunsa makalata a tsiku lobadwa. Mwana ankadutsitsa dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo; akaligwira ndiye kuti wakula, akalephera abwerere akayamwe. Kamtedza anamuyesa Ndaziona kawiri konse kuti anthu asati wakondera, ndipo mwanayo analigwira khutulo mpaka kulikoka. Bamboyo sanaseke pagulu, koma tsiku limenelo anayenda chifuwa chili patsogolo. Mwanayu ankamukonda kwambiri, chifukwa anali yekhayo. Woyamba wawo anamwalira patatha masiku awiri atabadwa, ndipo chimene Kamtedza anauzidwa n'chakuti zinthu sizinayende bwino, basi. Sanamuone ndipo sanafunse, poti mwamuna safunsa zimenezo.

Mu Okutobala kamvuluvulu anasasula denga la kalasi yake n'kukaliponya m'munda mwa eni. Dzuwa la mwezi umenewo mukulidziwa. Ana anaphunzira masiku awiri pamtetete, atatu n'kukomoka, Kamtedza n'kuyamba kusaka mthunzi. Anaupeza kumunsi kwa sukulu, cha kudambo: mikuyu itatu ikuluikulu, pansi pake pozizira, dothi lofewa, udzu wosamwetedwa. Kunalibe njira yopita kumeneko, ngakhale ya mbuzi. Anapukusa mutu poona ulesi wa anthu, kusiya malo abwino chotere ali chikhalire. Anakafunsa a Chikhadwe, wapampando wa komiti ya sukulu, ndipo iwo anati malowo alibe mwini, alambule. Sankanama a Chikhadwe. Nawonso anali mwamuna.

Amayi ophika phala la ana atamva nkhaniyi, macheza awo anathera pomwepo. Mmodzi anati kumeneko n'kozizira kwambiri, Kamtedza n'kuti kuzizirako ndi kumene akufuna. Wina anati dothi lake silifuna kupondedwapondedwa, iye n'kuti ana a sitandade wani salemera. Kunyumba mkazi wake Nachanza anamufunsa kawiri ngati sangapite pa mtengo wa mango wa kumsewu, iye n'kuyankha kuti kumsewu kumadutsa ngolo, ana azingoyang'ana ng'ombe. Amati safunsa anadya phula, koma uyu anachita kuuzidwa katatu n'kulidyabe. Mwayi wake, analambula ndi chikwanje chokha, khasu silinakhudzepo.

Lolemba anakhoma msomali pa mkuyu wapakati n'kukolekapo bolodi. Sabata yomweyo ana ena anayamba kujomba, amayi awo n'kumatumiza mawu akuti akudwala m'mimba, ena akuti apita kwa azakhali awo. Pa ana makumi asanu ndi limodzi anatsala makumi anayi. Chimene chinamudabwitsa Kamtedza n'chakuti akati nonse pamodzi, mawu oyankha sanachepe. Mitu ankaiwerenga n'kupeza makumi anayi, koma "ba be bi bo bu" ankamveka wa kalasi yodzaza. Ndipo ana akamaliza pankatsala kamchira ka timawu tating'ono tomalizira "bo bu" mochedwa, tochokera pansipansi, cha m'mawondo mwa anawo. Kudambo kulibe thanthwe loti lingabweze mawu. Iye anaganiza kuti ndi mikuyu, n'kusangalala kuti wapeza malo omveketsa bwino.

Anawo sankasangalala nawo malowo. Ana amene kale ankalimbirana pokhala tsopano ankaunjikana pakati, aliyense akukana kukhala kumapeto kwa mzere. Belu lopumira likalira sankasewera pamthunzipo. Ankathamangira kudzuwa komwe anakomoka kuja. Pamwamba pa mikuyu panali nkhuyu zakupsa zambirimbiri, koma mbalame sizinkabwera kudzadya. A Mbendera, mphunzitsi mnzake wa makalasi apamwamba, anatsikirako tsiku lina kudzabwereka choko. Anaima n'kumvetsera kalasi ikuyankha, nkhope n'kusintha, kenako anafunsa motsitsa kuti kodi ana alipo angati lero. Kamtedza anati makumi anayi. A Mbendera anatenga chokocho n'kubwerera mothamanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo choko chikawathera ankaphunzitsa pakamwa.

Kenako timitengo towerengera tinayamba kusowa. Mwana aliyense anali ndi kamtolo ka timitengo khumi, ndipo poweruka ankatisiya m'dengu pansi pa bolodi. M'mawa timitoloto tinkapezeka titamasulidwa, ka wina katsala ndi timitengo tisanu, ka wina titatu. Kamtedza anaopseza ana kuti wakubayo amupeza. Tsiku lachitatu anakatipeza yekha kuseri kwa mkuyu wakumapeto, titazikidwa m'dothi chilili, tiwiri apa, titatu apa, tisanu patsogolo pake. Anaima n'kuyang'anitsitsa. Inali samu imene anaphunzitsa dzulo lake, ndipo yonse inali yokhoza.

Ana a sitandade wani amalemba pansi ndi chala, ndipo m'mawa uliwonse asanakhale amayamba asesa. Tsiku lina Kamtedza analawirira ana asanafike, n'kupeza kuti pafumbi palembedwa kale. Inali mizere itatu ya "a e i o u", tizilembo ting'onoting'ono toti chala cha mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sichingalembe. Tonse tinali totembenuka, monga zimaonekera zolembedwa pa kalata ukaiyang'ana kuseri padzuwa, ndipo dothi silinalowe m'kati ayi, linatukuka kunja. Wina akanathawa osacheuka. Kamtedza anaganiza kuti pali kamwana kena kolephera kugwira khutu kamene kamabisala m'thengo n'kumamvetsera, ndipo mtima wake wa uphunzitsi unafewa. Anagwada, anakonza "e" mmodzi amene anagona chammbali, kenako anachonga mizere yonse itatu ndi chala n'kulemba pambali pake kuti "Wakhoza".

Mawa lake mizere inali khumi ndi iwiri. Mkuja wake pansi ponse pa mikuyu panalibe popondapo. Anachonga yonse, umodziumodzi, chifukwa kwa iye kusiya ntchito ya mwana yosachonga linali tchimo loposa kuba.

Phala nalo linayamba kuvuta. Amayi ankaphika ndowa yomweyo imene inkakwanira ana makumi asanu ndi limodzi, koma tsopano inkatha wa makumi atatu asanalandire. Kamtedza anawafunsa ngati achepetsa ufa, iwo n'kungoyang'anana. Mawa lake anaphika ndowa ziwiri, ina n'kukaisiya kuseri kwa mkuyu osaitanirapo munthu, ndipo pokaitenga inali yoyera ngati yotsukidwa. Mayi mmodzi anangomasula nsalu yake ya kuntchito n'kupita kwawo, osabweranso.

Loweruka lina Kamtedza akuchokera kumsika pa njinga, dzuwa lili paliwombo, anapeza mayi wina ataima pa mphambano. Sanamudziwe. Mayiyo anamanga nsalu monga wobereka mwana, mfundo ili bwinobwino pachifuwa, koma kumsanako kunalibe kanthu, nsalu yangomata. Anapatuka n'kugwada pambali pa msewu.

"Zikomo, aphunzitsi, chifukwa chowalandira. Ife tinkati adzangokhala choncho mpaka kalekale."

Kamtedza anatsitsa phazi limodzi n'kufunsa dzina la mwana wawo, kuti akamuone m'kaundula.

"Simunamulembe ayi," anatero mayiyo. "Koma mwamuchonga."

Anapalasa pang'ono n'kucheuka kuti afunsenso. Mbali zonse ziwiri za msewu kunali lupsa lokhalokha, poti ngakhale nkhuku singabisale, koma mayi uja kunalibe. Kuchokera pamenepo njinga inalemera. Matayala anali ndi mpweya, pakaliyala panali kathumba ka mchere kokha, koma anafika kunyumba thukuta lili kamukamu ngati wanyamula matumba awiri a chimanga. Kwa mkazi wake anangoti njingayo ikufuna girizi.

Apa ndi pamene zinayambira kumukhudza Ndaziona. Pokhala m'kalasi ankasiya malo pambali pake, wina akafuna kukhalapo n'kumukankha. Mbatata yake ankaigawa pawiri, theka lina n'kuliika pansi. Madzulo aliwonse bambo ake ankamubwereza za kusukulu pakhonde, ndipo tsiku lina atamulozera "ga", mwanayo anangoti maso tuzu. Anati "ga" wabwereketsa achemwali ake, abweza mawa. Kamtedza anaseka, poti mwana wopanda m'bale amadzipangira wake. Koma "ga" sanabwere. Mawa lake kunapita "ma", kenako manambala, kenako nyimbo zonse zimene ankaimba posamba. Bamboyo anapsa mtima n'kuonjezera maphunziro a pakhonde, ndipo pamene ankaonjezera ndi pamene mwanayo ankatheratu. Ana ena m'kalasi nawonso mitu inali italemera, koma osati chotere.

Diresi la sukulu limene linkamulekeza m'mawondo linayamba kufika mu akakolo. Dzino latsopano limene linali litatuluka theka linabwerera m'nkhama. Tsiku lina masana Kamtedza anamuitana n'kumuuza kuti agwire khutu, monga mosewera. Ndaziona anakweza dzanja, analipinda, anayesetsa mpaka kupendeketsa mutu, koma zala zinalekera paliwombo. Apo m'pamene Kamtedza anachita mantha enieni, oyamba chikulireni chake, ndipo anakhala pansi.

Nachanza, amene ankaona zonsezi ali pa mtondo, anasiya munsi n'kubwera kudzakhala pansi pafupi ndi mwamuna wake. Anamuuza mwanayo kuti akamwe madzi m'nyumba.

"Bambo a Ndaziona, zimene ndinene pano si za amuna, ndipo amayi akamva andiimba mlandu. Koma mwana ndi wanga. Pamikuyu paja ndi pamene timaika nthayo."

Nthayo ndi ana omwalira asanatuluke m'chikuta, asanapatsidwe dzina. Amakaikidwa ndi amayi okhaokha, m'dzenje losazama, popanda kulira, popanda mtumbira, ndipo amuna sauzidwa malo ake. Pa Kalowamatope amayi akhala akupita pamikuyupo chiyambireni mudziwo. Ana amenewo sanaitanidwepo ndi munthu, sanauzidwepo kanthu. Anangogona phee zaka zonsezo, mpaka kunabwera munthu wa mawu aakulu n'kuima pamwamba pawo n'kunena kuti nonse pamodzi.

Kamtedza anafunsa chifukwa chake sanamuuze, Nachanza n'kuti anamuuza, iyeyo ndi amayi ena awiri, monga mmene zimenezi zimanenedwera. Kenako Kamtedza anafunsa za mwana wawo woyamba uja.

"Ali pa mkuyu wapakati, pamene mwakoleka bolodi."

"Anali wamwamuna kapena wamkazi?"

"Wamkazi. Chipumi chake chinali chanu chomwechi."

Zaka zisanu ndi zitatu Kamtedza sanamulirepo mwana ameneyo, chifukwa sankadziwa kuti azilira ndani. Tsiku limenelo analira, pang'ono, atatembenukira kukhola la mbuzi. Kenako anamina, n'kunena kuti samu iliyonse ili ndi njira yake, iyinso aipeza.

Mawa lake anasamutsa kalasi n'kupita nayo pakhonde la tchalitchi, kutali ndi dambo. A Chikhadwe atafunsa chifukwa chake, iye anangoti kumikuyu kuja n'kozizira kwambiri, a Chikhadwe n'kuvomera kuti ana angadwaledi chifuwa. Koma Kamtedza atati nonse pamodzi, kamchira kaja kanamveka pomwepo, pa simenti. Amayi akuluakulu anapita kumikuyu ndi ufa m'kambale kukapepesa, n'kubwerako nkhope zitagwa. Anati malowo apepuka, eni ake kulibe, ndipo wopanda dzina ungamuitane bwanji kuti abwerere?

Kamtedza anatseka kalasi masiku anayi, poganiza kuti ana a pamikuyu aja akaona kuti sukulu kulibe atopa. Ana otere satopa. M'mawa uliwonse bwalo la nyumba yake linkapezeka litalembedwa kuchokera kunkhokwe mpaka pakhomo penipeni, mizere yoongoka bwino, yodikira wochonga. Ndaziona anasiya kuyenda n'kuyamba kukwawa. Mawu anamutsalira awiri, "amama" ndi "madzi", kenako nawonso anapita. Nachanza anaona chinthu china n'kumuuza mwamuna wake, ulendo uno mosapita m'mbali: nthawi iliyonse iye akamulankhula mwanayo, ngakhale kumunyengerera chabe, fumbi la pafupi linkagwedezeka ndipo mwanayo ankafookeratu. Kumene mawu a mphunzitsi alunjika ndi kumene iwo ankakhamukira.

Mlangizi wa masukulu a dera limenelo atamva kuti kalasi yatsekedwa, anamuitanitsa kuti akafotokoze. Unali ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo anayenda pansi chifukwa njinga inali itakaniratu kusuntha. Atangotuluka m'mudzi anamva kumbuyo kwake timapazi tambirimbiri tikuti tapatapa m'fumbi. Akaima, tinkaima. Akacheuka, ankangoona njira ndi kafumbi kakukhazikika. Anayenda nato choncho mpaka pa mlatho wa mitengo, pamene anamva tikukankhana polimbirana kuwoloka. Pamenepo uphunzitsi unaposa mantha. Osatembenuka, ananena ndi mawu ake a m'kalasi kuti aliyense agwire dzanja la mnzake, awoloke awiriawiri, ndipo wokankha mnzake aona zakuda. Kunati zii. Kenako timapazi tinayamba kuwoloka mwadongosolo, iye ataima kutsidya akuwerenga ndi khutu. Anapeza ana makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Womaliza anawoloka yekha, wopanda mnzake, ndipo sanapite kumzere. Anabwera kudzaima pafupi ndi mwendo wake.

Masana anapuma pansi pa mtengo wina pathengo, kutali ndi midzi. Poti anali ataziyamba kale, anatola kamtengo n'kulemba pansi "ga ge gi go gu", n'kuwaphunzitsa ola lathunthu monga amachitira ndi ana ena onse. Ankabwereza, ankadzudzula ochedwa, ankayamikira. Atanyamukanso anaona kuti miyendo yamupepuka, ndipo timapazi tija tinkatsatira mwakachetechete ngati ana okhuta.

Kwa mlangizi ananena kuti kalasi ilibe denga, zimene zinali zoona. Anagona komweko n'kubwerera mawa lake. Nachanza anamuchingamira kunja kwa mudzi, asanafike n'kunyumba komwe. Anamuuza kuti dzulo dzuwa litapendeka Ndaziona anaimirira yekha, anadya, madzulo n'kuitana mbuzi zonse zinayi maina awo. Lero m'mawa anafunsa kuti ababa ali kuti. Koma chakumasanaku wayambanso kufooka, ndipo pano wagona pamphasa sakulankhula.

"Sindikukuthamangitsani, bambo a Ndaziona," anatero.

"Ndikudziwa. Ndaiwerengera kale m'njiramu."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kamtedza sanapite kwa sing'anga, sanakadandaule kwa wina aliyense. Anati anawo sanalakwe kanthu: anaitanidwa, anabwera, anachongeredwa, ndipo mwana wa sukulu amapita kumene kuli mphunzitsi wake. Akakhala pakati pa ana amoyo azibwereka za amoyo, ndiye iye awatengera kutali kumene kulibe wowabwereketsa, aziwapatsa yekha. Nachanza anafunsa kuti mpaka liti. Iye anati sitandade wani imatha mwana akadziwa kuwerenga, koma awa ayamba mochedwa, ndipo sakudziwa kuti ana otere akakhoza amapita kuti, iye akadzadziwa adzabwerera kunyumba. Sanalonjeze tsiku, poti kunama sankakutha.

M'nyumba sanalowemo. Anagona m'kalasi yopanda denga ija, ndipo m'mawa anapereka kaundula kwa a Mbendera n'kuwalangiza chinthu chimodzi chokha: asadzachonge ntchito imene mwini wake sanamuone ndi maso. Anamangirira zingwe pa bolodi laling'ono kuti aziberekera, anatenga bokosi la choko ndi chiguduli chofufutira. Nachanza anamubweretsera bulangete, mbatata zootcha ndi lumo lake lometera. Anagwirizana kuti mwanayo akhale m'nyumba, chitseko chitsekedwe, ndipo Kamtedza asamutsanzike ngakhale ndi liwu limodzi, chifukwa liwu limodzilo likanawabwezera onse pa mwanayo.

Nthawi yolowera m'kalasi itakwana, anaima pabwalo la nyumba yake n'kumenya khasu lakutha ndi mwala katatu, monga belu. Anthu ankaonerera ali patali, amayi atagwira pakamwa, amuna akufunsana chimene chikuchitika. Anauza kalasi yake kuti iime pamzere, lero akupita kokayenda. Fumbi linayenda lokha pabwalopo, popanda mphepo, n'kukhazikika m'mizere iwiri. Ndiye anayang'ana pansi pafupi ndi mwendo wake n'kutsitsa mawu.

"Iwe wanga, wakhala nthawi yaitali wopanda dzina. Ndiwe Tapezana. Za mng'ono wako umubwezere zonse, ine ndikupatsa zakozako. Tiye, utsogolere anzako."

Kanthu kozizira, kakang'ono, kanagwira chala chake chakumapeto n'kukakamira. Nachanza, amene anaima pakhomo, anamva dzinalo n'kudziphimba kumaso ndi nsalu.

Anadutsa nkhokwe, anadutsa tchalitchi, akuyendetsa "sa se si so su" ndipo timawu tikuyankha kumbuyo. Atafika kumsewu anamva chitseko chikumenyeka kutali, kenako mapazi othamanga. Awa sanali a tapatapa aja ayi. Anali mapazi olemera, a mwana wamoyo wa zaka zisanu ndi chimodzi.

"Ababa! Mukupita kuti? Ndidikireni!"

Mizere iwiri ija inaima. Kadzanja kaja kanamasuka pang'ono pa chala chake, ndipo Kamtedza anadziwa kuti onse akudikira kuti aone kumene atembenukire. Khosi linamuwawa ndi kufuna kucheuka. Masiku onsewa ankapempha Mulungu kuti amvenso mawu amenewo, ndipo tsopano anabwera pa nthawi imene sakanatha kuwayankha. Anakweza mawu kuposa kale: nonse pamodzi, ta te ti to tu. Panapita kanthawi kopanda woyankha. Kenako timawu tinamveka, kadzanja kanagwiranso, mizere n'kuyamba kuyenda.

Kumbuyo Nachanza anali atamugwira mwanayo m'chiuno, iye akuphiriphitha ndi mphamvu moti mayiyo anachita kugwa naye pansi. Ndaziona ankalira mokwiya, akukuwa kuti ababa ndi oipa, akudziwa kuti akumumva koma akuchitira dala, ndipo akadzabwera sadzawalankhulanso, ngakhale amugulire nsapato.

Kamtedza ankamumvadi. Anamva liwu lililonse, lomveka bwino, lathunthu, lopanda chosowa, ndipo chiyambireni uphunzitsi wake anali asanamvepo mwana akulankhula mokoma ngati chipongwe chimenecho. Anapukuta m'maso ndi chiguduli cha bolodi, choko n'kumuyeretsa nkhope yonse, ndipo anauza kalasi kuti ifulumire chifukwa mlatho uli patali.